A Seta ndi Diso Lotsala la Anambewe

Bwera nako kuno kabotoloko, Tadala, usakataye. Ndikudziwa kuti amayi ako akutuma kusesa m'shedimu, koma sanati usese ndi mwini wake yemwe. M'katimo muli timisomali ta malata, ukakhutulira pansi Chisomo aponda ndi mapazi ake osavalawa, mlandu n'kukhala wanga. Wati palembedwa chiyani? Werenganso pang'onopang'ono. Asetazolamaidi. Eya, lilime lako linapitadi kusukulu. Ine dzina limeneli linandikanika kuyambira tsiku loyamba, ndipo agogo anu aakazi, Anambewe, sanafune n'komwe kulimbana nalo. Anangolidula pakati n'kumati a Seta, ngati akutchula munthu wa kumpingo. Anali mapiritsi a maso awo. Khalani pabenchipo nonse awiri. Foniyo ika m'thumba, Chisomo, sithawa.

Inu ana mumandidziwa ngati nkhalamba yokhala pakhonde, yongodandaula za mawondo ndi kuthima kwa magetsi. Simudziwa kuti nyundo ya mkono uwu inkamveka kuyambira ku Mchesi mpaka ku Biwi. Ndinabwera mu Lilongwe muno kuchokera ku Ntcheu ndili kamnyamata, nditakhala pamwamba pa matumba a kachewere m'lole ya munthu wina wa kwathu. Mphepo ya ku Dedza inanding'amba milomo, fumbi la m'njira linandifiiritsa ngati chulu. Inu masiku ano mukangokhala pang'ono m'minibasi mwayamba kale kufunsa kondakitala kuti tifika nthawi yanji. Ife tinkafika pamene Mulungu wafuna.

Ku Mchesi ndiko ndinaphunzira kukhoma malata. Ndowa, mabafa, mbaula, makeni othirira kudimba, ndi tikoloboyi. Koloboyi simumudziwa inu. Kanali kanyali ka chitini ka chingwe cha nsanza, kankamwa palafini n'kumakudetsa m'mphuno ndi mwaye. Zida zanga zinali nyundo, sizasi yaikulu yodulira lata, ndi chidutswa cha njanji chokhomerapo, chomwechi chimene amayi anu anachisandutsa chotchingira chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo. Nthawi imeneyo pulasitiki anali asanabwere. Ndowa ikabooka sinkatayidwa, inkabwera kwa ife, ndipo inkakhala m'banja mpaka kuona zidzukulu.

Ndi ndowa yobooka imene inandibweretsera agogo anu. Anali mtsikana wa ku Dedza, akukhala kwa azakhali awo kuno ku Kawale. Ndinaimata ndowayo bwinobwino, ndikudzitama mumtima. Iwo anaitenga, anailozetsa kudzuwa, analowetsa nkhope m'kati, n'kundionetsa kabowo kena kochepa ngati nsonga ya singano kamene ine sindinakaone. Anzanga anandiseka tsiku lonse. Patapita masiku anabweranso nayo, akuti ikudonthabe. Ndinaithira madzi, ndinasuzumira kunsi kwake, ndinadikira, koma osagwa ngakhale dontho. Nditakweza maso ndinapeza akuyang'ana kumbali, akuluma nsonga ya mpango kuti asaseke. Musandiyang'ane choncho, nanunso zidzakupezani.

Maso amenewo ndiwo ndikufuna muwadziwe, chifukwa iwe Tadala unawapeza akutsazika, ndipo iwe Chisomo unabadwa atazima kale. Anambewe ankaona kamwala mumpunga ali chiimire. Ankamuzindikira munthu akadali kutali kumsika, ndi kayendedwe kokha. Amayi a kumpingo atawaphunzitsa kuluka, singano zolukira zinali zosowa, ndiye ine ndinatenga masipoko a njinga, kuwongola, kunola nsonga pamwala, n'kupinda kumapeto kuti ulusi usamapulumuke. Ankaluka zipewa, timasokosi ndi timajuzi ta makanda. Chisanu cha Juni chikamayandikira, pakhomo pano pankadzaza amayi oyembekezera. Azibambo ambiri a ndevu amene mumawaona akukuwa kumsikaku anatuluka m'chipatala atavala chipewa cha agogo anu, kungoti sadziwa.

Chuma tinalibe, koma tinali ndi Lamulungu lathu. Tikaweruka kutchalitchi tinkayenda wapansi mpaka kutauni, n'kukakhala pakhonde la sitolo ina, tikugawana botolo limodzi la chakumwa cha gasi cha malalanje ndi chikondamoyo chochokera kunyumba atakulunga m'pepala. Iwo ankakonda kumwa koyamba, gasi akadali wambiri, mpaka timisozi kulengeza. Ine ndinkamwa chotsalacho. Pobwerera ankandifotokozera zonse zimene aona m'njira: chitenje cha mayi uja, nsapato zosiyana za bambo uja, mwana wobereka mnzake wamkulu kuposa iye. Ine ndinkayenda njira yomweyo koma sindinkaona kanthu. Tauni ino ndinaiona ndi maso awo.

Ana tinabereka angapo, koma ena tinawaika m'manda akadali aang'ono, chikuku ndi malungo. Anatsala Esnati yekha, amayi anuwa. Pamene ankamaliza sukulu, pulasitiki anali atatilanda msika. Ndowa zofiira ndi zobiriwira zinadzaza paliponse, zopepuka, zotsika mtengo, ndipo ife okhoma malata tinatsala ndi mbaula zokha. Esnati anafunafuna ntchito mpaka nsapato zinatha, kenaka anakwera basi ya ku Joni pamodzi ndi anzake. Kumeneko analowa ntchito ya m'nyumba. Ankaimba foni, ankatumiza kangachepe, ndipo tsiku lina anatiuza kuti wabereka mwana wamkazi. Ndiwe ameneyo, Tadala. Koma mapepala ake okhalira kumeneko anali atatha, ndipo akanatuluka sakanaloledwa kubwereranso. Tikamufunsa zobwera ankati chaka chamawa. Chaka chamawacho chikafika, chinkakhalanso ndi chamawa chake.

Ndi m'nyengo imeneyo pamene agogo anu anayamba kugunda zinthu. Phewa pa felemu ya chitseko, phazi pa ndowa imene aiika okha pambali. Ine ndinkawaseka kuti ayamba kulawa kachasu mobisa. Tsiku lina Abiti Saidi, aneba athu ophika mandasi aja, anabwera kudzandifunsa ngati alakwa kanthu, chifukwa Anambewe anawadutsa pampopi phewa ndi phewa osawapatsa moni. Anambewe analumbira kuti sanaone munthu. Chimene chinatitulutsa m'nyumba ndi njinga ya kabaza imene inawagwetsa pafupi ndi msika dzuwa likuswa mtengo. Wakabazayo ankati anaimba belu ndipo anali poyera. Iwo ankati njingayo inatuluka m'nthaka.

Tinapita kuchipatala cha maso, tinakhala pamzere mpaka matako kuuma. Adokotala anali mayi wachitsikana wolankhula mofatsa. Anawauza kuti atseke diso lamanzere ndi dzanja, n'kuwafunsa zala zimene akweza. Anambewe anachotsa dzanja, anandiyang'ana, anatsekanso, anachotsanso.

"Bambo a Esnati," anatero, "diso ili mulibe munthu."

Diso lamanja linali litafa kale, ndipo sitinadziwe tsiku limene linafa, chifukwa silinapwetekepo ndipo kunja kwake linkaoneka labwinobwino. Lamanzere linali litadyeka m'mbali monse, kutsala pakati pokha, ngati munthu akusuzumira m'paipi.

Ine ndinafunsa ngati ndi ng'ala, chifukwa ng'ala tinkaidziwa, amaichotsa munthu n'kuonanso. Adokotala anati ayi, matendawa ndi gulokoma. Anati m'kati mwa diso mumakhala madzi amene amalowa ndi kutuluka, osati misozi ayi, ena a m'katikati. Njira yotulukira ikatsekeka, madziwo amachuluka n'kumafinya mtsempha woonera kumbuyo kwa diso, ndipo mbali imene yafa siidzukanso. Chimene akanatha n'kuteteza chotsalacho basi. Ndinaseka mowawa mumtima. Moyo wanga wonse ndinkamata zibowo kuti madzi asatuluke, ndiye apa mkazi wanga akuchita khungu chifukwa chosowa kabowo.

Pobwerera m'minibasi Anambewe anandikumbutsa za abambo awo ku Dedza, amene anachita khungu asanakalambe kwenikweni. Kumudzi ankati anawawaza mankhwala pa nkhani ya malire a munda, ndipo mabanja awiri anasiya kuonerana maliro mpaka lero chifukwa cha zimenezo. Adokotala anali atatiuza kuti matendawa amatsata magazi. N'chifukwa chake ndimawavutitsa amayi anu kuti azikayezetsa maso, ndipo inunso mukadzakula muzidzapita, musamadzadikire kuti njinga ituluke m'nthaka.

Anawapatsa mankhwala odontheza, ndipo ntchito yodonthezayo inali yanga. Manja anga ozolowera nyundo ankaphonya diso lawo, iwo n'kumandinena kuti ndikuthirira tsaya ngati dimba. Kenaka anawachita opaleshoni, kutsegula kanjira koti madzi aja azitulukira. Inathandiza nyengo ndithu, tinakolola chimanga cha kuseri kwa nyumbaku tili ndi chiyembekezo. Koma thupi lawo linali lochira msanga, kanjirako kanadzitsekanso ngati bala. Madzi anayambanso kukwera, odontheza paokha analephera, ndipo m'pamene analowa m'nyumba muno a Seta. Adokotala anati ntchito yawo ndi kuchepetsa madzi amene diso limapanga, ngati kupotokola mpopi kuti uzingodontha. Anatichenjezanso kuti si mapiritsi okhala nawo zaka, chifukwa amalemetsa thupi, makamaka impso.

Kulemetsako tinakuona. Zala zawo za m'manja ndi za kumapazi zinkachita dzanzi, ankati muli nyerere zikuyenda, nthawi zina mpaka m'milomo. Kuchimbudzi ankapita pafupipafupi, moti kutchalitchi anasiya benchi yawo yakutsogolo n'kumakhala pafupi ndi khomo. Chilakolako cha chakudya chinathawa, zitenje zinayamba kuzungulira kawiri. Anatiuza kuti azidya nthochi ndi kumwa madzi okwanira, ndiye ine ndinasanduka kasitomala wa amayi onse a nthochi a mu Kawale. Koma nthabwala sizinawachoke. M'mawa ankati a Seta afika, ndiwalandire. Masana akatopa ankati a Seta andikhalira pamsana. Abiti Saidi, atamva dzinali kangapo kudutsa mpanda, anandikokera pambali n'kundifunsa monong'ona ngati ndikumudziwa bwino bambo ameneyu amene sachoka pakamwa pa mkazi wanga. Anambewe atamva anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

Tsiku limene sanaseke linali Lamulungu lina. Ndinaona kuti afooka mtima, ndiye ndinakagula botolo la chakumwa chathu chija, lozizira, ndinalitsegula pamaso pawo kuti amve kulira kwa gasi. Anamwa kamodzi, anakwinya nkhope, n'kundifunsa ngati ndawapatsa madzi otsukira malata. Ine ndinalawa, chinali bwinobwino. Pambuyo pake adokotala anatiuza kuti mapiritsiwa amachita zimenezo, amasandutsa chakumwa cha gasi kukhala ngati chitsulo m'kamwa. Anambewe anandibwezera botolo lija n'kuti ndimalize ndekha. Ndinamwa koyamba ndi komaliza komwe, ndipo sindinachimve kukoma. Kuyambira pamenepo sindinachigulenso.

Chimene sanasiye ndi kuluka. Anayamba kajuzi kako, Tadala, ka ulusi wachikasu, utangobadwa kumene. Ndi zala za dzanzi zija ulusi unkawapulumuka, ankalakwitsa, ankamasula, ankayambiranso, mutu uli cheucheu kufunafuna nsonga ya singano ndi kadiso kamodzi kaja. Kajuziko katatha, amayi ako sanabwere. Chisanu china chitafika anati mwana wakula, anakamasula konse, anawonjezera ulusi n'kuluka kokulirapo. Ulusi wachikasu wofanana unasowa, ndiye m'munsi munalowa wobiriwira. Esnati anatumiza chithunzi chako kudzera kwa munthu wa pabasi. Anachiyang'ana nthawi yaitali pawindo, n'kunena kuti chithunzi sichiphethira, iwo akufuna kuona mwana akuyenda.

Ine ndinati tiyeni timuuze Esnati zoona, chifukwa pafoni ankangomuuza kuti maso akuvuta pang'ono, ndi ukalamba. Anakana kwamtuwagalu. Anati mwanayo ali ndi wake mwana woti amudyetse, akathamangira kuno ntchito yatha, ndipo adzatiyang'ana ife ngati anthu amene tinamudula miyendo.

"Abwera yekha nthawi yake ikakwana," anatero. "Ine ndi a Seta timudikira. Inu musatsegule pakamwa."

Ndinawamvera, monga ndinkachitira pa zinthu zambiri. Koma ndinkaona paipi ija ikuchepa. Ankati akafuna kapu patebulo, ankayendetsa mutu uku ndi uku ngati nkhuku yofuna poikira dzira.

Ndiye tsiku lina akuanika zovala anagwa pansi atagwira m'chiuno, akubuula ngati mayi wapakati. Ine ndi Abiti Saidi tinawanyamula mpaka pamsewu. Kuchipatala anapeza kamwala m'njira ya mkodzo, kochokera ku impso, ndipo anati a Seta ndiwo akabweretsa. Kanatuluka patapita masiku, koma adokotala a maso aja anatikhazika pansi. Anati magazi akuonetsa kuti thupi latopa, mapiritsiwo ayenera kuleka, apitirize odontheza okha. Anambewe anafunsa kuti akaleka, diso litsala nthawi yaitali bwanji. Adokotala sananame. Anati sangalonjeze.

"Mwanangu," anatero Anambewe, atawagwira dzanja adokotalawo ngati mwana wawo, "ndili ndi mdzukulu amene sindinamuonepo. Ndibwerekeni pang'ono."

Adokotala anavomera kuwasiyira mlingo wochepa kwa kanthawi, koma azibwera kudzayezetsa magazi pafupipafupi, ndipo ululu ukangobwerera, basi. Potuluka anandiyang'ana ine, osati iwo, n'kunena kuti ngati pali woti abwere, abwere tsopano.

Tsiku lomwelo ndinawasiya Anambewe akupuma, ndinayenda mpaka ku Mchesi kushedi kwa anzanga, kumene phokoso la nyundo likanabisa mawu anga, ndinaimba foni ku Joni. Sindinazungulire. Ndinamuuza Esnati kuti diso limodzi linafa kale, linalo latsala kabowo, ndipo amayi ake akudwalitsa impso zawo pofuna kumudikira. Kenaka ndinamva akulira, akufunsa kuti ababa, bwanji osandiuza kale. Ndinangoti ndakuuza lero.

Zinamutengera masabata kuti atolere za ulendo ndi kutsazika kwa mabwana ake, akudziwa kuti sadzabwererako. Ine kunyumba ndinakhala ngati munthu wobisa mbuzi m'chipinda. M'mawa uliwonse ndinkaima pakhomo n'kufunsa Anambewe ngati akundiona, iwo n'kumadabwa kuti ndayamba liti kufuna kuonedwa chonchi.

Munafika mu Okutobala, kutentha kuja kumene ngakhale agalu amasowa pogona. Ine ndinakakuchingamirani kudepoti. Titalowa pageti, agogo anu anali pamkeka pansi pa mpapaya umene unali apo pali thanki pano. Esnati anangoti amayi. Iwo anauma thupi lonse, kenaka anatembenuzira nkhope kumene kunali ine, ngakhale sankandiona.

"Bambo a Esnati, mwatsegula pakamwa."

Ndinavomera. Anati tidzakambirana, koma mpaka anamwalira nkhaniyo sanaiyambitsenso.

Iwe Tadala unali kamwana koyenda kale, kolankhula chilankhulo cha kumeneko chimene ife sitinkamva. Amayi ako anakunyamula n'kukuika pamiyendo pa agogo ako, nkhope ndi nkhope. Unalira ngati wakuona chilombo, ukuponda ndi kukankha. Anambewe ankayendetsa mutu, akufunafuna, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Pafupi choncho ankaona khutu lokha, kenaka diso limodzi, kenaka kamwa lolira. Mwana wathunthu sankakwana m'kabowo kaja. Mumtima ndinati tachedwa.

Koma iwo anaganiza msanga kuposa tonse. Anauza Esnati kuti akuchotse, apite nawe kutali, akakuimike kumpanda uko n'kukusiya. Esnati anadabwa, koma anachita. Unaima pampandapo wekha, ukusisima, chala m'kamwa. Kenaka nkhuku ya Abiti Saidi inadutsa ndi anapiye ake, unaiwala kulira n'kuyamba kuithamangitsa, timiyendo tili pengapenga. Anambewe anakhala duu pamkeka, dzanja pamphumi, mutu ukukutsatira pang'onopang'ono. Patali choncho unakwanamo wense, kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndamuona," anatero motsitsa. "Akuyenda ngati amayi anga."

Sanalire. Anati misozi iwatchinga, alira madzulo.

Kajuzi kaja anakatulutsa tsiku lomwelo, ndipo palibe amene akanawaletsa. Tinakuveka juzi la ulusi mu Okutobala, dzuwa lili pamutu. Manja anali aafupi, mutu unavuta kudutsa, thukuta linali kamukamu, ndipo unakuwa mpaka aneba anasuzumira pampanda. Unalivala kanthawi kongokwana kuti uime kumpanda kuja agogo ako akuone, basi. Silinakukwanenso. Ukuseka, koma tsiku limenelo unatida tonse.

Masabata otsatirawo Anambewe anagwira ntchito imodzi yokha, kuyang'ana. Ankakhala pamkeka kuyambira m'mawa, aliyense wodutsa ankamuimika patali. Esnati akuchapa, iwe ukusewera ndi zitini zanga, Abiti Saidi ndi beseni la mandasi pamutu. Anandituma kuti ndiwaperekeze kutchalitchi mkati mwa sabata, mulibe anthu, anaima kukhomo n'kuyang'ana kuguwa. Tinakwera minibasi mpaka ku Dedza, anatsika pamsewu n'kuyang'ana phiri la kwawo mpaka kondakitala wa minibasi ina anatifunsa ngati tasochera. Mvula yoyamba itagwa, msana unayambanso kuwawa, ndipo sanadikire kuti adokotala awakakamize. Anandipatsa kabotolo n'kunena kuti a Seta agwira ntchito yawo, apite akapume.

Tsiku limenelo anandiuza kuti ndivale jekete langa la kutchalitchi ndikaime kumpanda. Ndinachita manyazi, bambo wamkulu kuima pampanda ngati mwana wolangidwa kusukulu, anthu akudutsa mumsewu. Ndinafunsa ngati zakwana, anati ayi. Ndinafunsanso, anati ndikhale chete ndipo ndichotse chipewa. Ndinaima pamenepo mpaka mithunzi inasuntha.

Mdima sunabwere tsiku limodzi. Tinapitiriza odontheza mokhulupirika, ndipo kabowo kaja kanalimbirabe miyezi yambiri, kakuchita chifunga pang'onopang'ono. Kenaka m'mawa wina wa chisanu anandifunsa ngati kwacha, dzuwa lili kale pakhoma. Ndinati kwacha. Anati chabwino, ndipatseni madzi osamba. Sanadandaule pamaso panga, koma ndinkawapeza nthawi zina atakhala pawindo pamene ankakonda kulukira, nkhope ataitembenuzira kumene kukuchokera kutentha.

Chimene chinabwerera ndi zala. A Seta atachoka, nyerere zija zinachokanso, ndipo anapeza kuti manja akukumbukira okha njira ya ulusi. Chipewa chimene unatuluka nacho m'chipatala iwe Chisomo chinalukidwa mumdima. Mitundu ankasankha ndi mlongo wakoyu, n'chifukwa chake chinali chofiira, chapepo ndi chobiriwira nthawi imodzi, ngati minibasi ya ku Chinsapo. Ndipo Lamulungu tikamabwera kutchalitchi, atandigwira pachigongono, inali nthawi yanga yowafotokozera za m'njira. Ndinkalephera. Ndinkati padutsa mayi, iwo n'kufunsa kuti wavala chitenje chotani, wabereka mwana kapena ayi, akuoneka wokondwa kapena wakangana ndi mwamuna wake. Ndinaphunzira kuona ndili nkhalamba, chifukwa choopa mafunso awo.

Anakhala mumdimamo zaka zingapo, mpaka matenda ena, a mtima, anadzawatenga. M'zaka zimenezo mutu wangawu unayera wonse. Iwo pamene ankandiona komaliza unali wakuda, imvi ziwiri zitatu m'mbali basi. Masana ena, atatsala pang'ono kutisiya, ndinakhala pamphepete pa bedi ndikuwapatsa phala. Anakankha supuni, anakweza dzanja, anandipapasa pachipumi, m'makutu, n'kulowetsa zala m'tsitsi langa. Anati amayi a kumpingo akumanena kuti amuna awo akalamba, mutu wayera ngati ufa, koma iwo akupapasa sakumva imvi iliyonse. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe.

"Musandiuze," anatero. "Amene ndili naye ine ndi wa tsitsi lakuda."

Ndiye inu ana mukamandiseka kuti agogo mutu ngati thonje, sekani, ndi zoona, galasi nanenso ndili nalo. Koma munthu mmodzi anapita kumanda akundidziwa ndili wa tsitsi lakuda, ndipo masiku ena ndimakhala pakhonde pano kulakalaka atandifunsanso kuti wadutsayo wavala chitenje chotani. Ndimayang'anabe, kuti ndikadzawapeza ndisadzasowe chowauza. Dzukani tsopano, amayi anu akuitana. Iwe Chisomo, ndigwire dzanja ndiimirire.